Thermometer ya ku Khola la Nkhuku

Lolemba, 17 February

06:14 Atate: pamwamba 29
06:14 Atate: mfundo 2 ni 28. mfundo 4 ni 25. mfundo 6 ni 22. pansi penipeni 21
06:15 Atate: botolo la pansi linunkha mazira owola monga masiku onse
06:31 Cecilia: zkm atate 🙏 day 96 manje. supervisor wanga ati ma number anu ni abwino kupambana a ma student ali na ma machine
06:33 Atate: uwauze kuti machine yanga ni botolo la viniga, mwala, nthambo ya mfundo na thermometer ya ku khola la nkhuku
06:33 Atate: nkhuku zidandaula kuti university yazibela
06:34 Cecilia: 😂 nizazilemba pa acknowledgements
06:40 Atate: ba Febby secretary wa cooperative anipeza pa chipupa cha damu nitsitsa botolo. ati ba Njobvu lelo muikamo chani futi
06:41 Cecilia: mwayankha bwnj?
06:44 Atate: nati niikamo sukulu ya mwana wanga
06:45 Atate: sanaseke
06:46 Atate: meeting ija aika pa Saturday 14hrs ku shedi. nkhani ni imodzi chabe. kunichotsa mu cooperative na kunilanda dimba la m'mbali mwa damu
06:47 Cecilia: chifukwa cha nsomba za chaka chatha? mpaka lelo??
06:50 Atate: anthu saiwala Ceci. chimvula chinagwa, kuseni nsomba zonse za mu ma cage mimba m'mwamba. dimba la matimati pafupi na madzi ni langa. opopela mankhwala ni ine. kwa iwo nkhani inathela pamenepo
06:51 Cecilia: si mankhwala anu atate. nakuuzani kangati
06:53 Atate: ine nidziwa. amai ako adziwa. koma chaka chathunthu amai ako sanaponde ku kwaya. uniform ili mu sutikesi. ati sangaimbe pakati pa azimai omuyang'ana monga mkazi wa poizoni
06:55 Cecilia: nilowa class. nizakutumilani

12:20 Cecilia: atate muli pa foni?
12:21 Cecilia: naona ma map a weather ku department. kuli chimphepo chachikulu chichokela ku Mozambique. chikafika kwathu chizakhala chafooka koma chizabweletsa mitambo, mvula yozizila na mphepo masiku atatu. Thursday mpaka Saturday
12:22 Cecilia: ni mtundu umodzi na cha chaka chatha. ndipo pansi pa damu pali 21, pamwamba 29, fungo lilipo. zonse zili m'malo
12:22 Cecilia: muuze committee lelo. aleke kudyetsa nsomba, akokele ma cage onse 4 kumtunda kolowela kamtsinje
12:58 Atate: 🎤 mawu, 0:41
mwana wanga, sukulu uli nayo koma kwathu kuno ku Kanakantapa wakuiwala. ine Lazarous niime pa anthu nikambe kuti pa Thursday nsomba zanu zizafa. zikafa azati chani? azati anadziwa bwanji uyu. chaka chatha ninali wa poizoni, chaka chino nizakhala mfiti. munthu okamba tsiku la malilo asanafike, kuno samuombela m'manja iyai.
13:01 Cecilia: ndiye tikhale chete ma cage 4 afe?
13:02 Cecilia: azimai a cooperative adyetsa nsomba zija miyezi 6
13:15 Cecilia: atate
14:40 Cecilia: sorry ngati nakamba moipa
16:05 Cecilia: 📞 sanayankhe

17:32 Atate: ninali busy
17:34 Atate: natenga sprayer, mabotolo onse a mankhwala, na ya makoswe yomwe, naika mu wilibala. nayenda nayo pa msewu waukulu dzuwa lili phee kuti aliyense aone. natula pakhomo pa ba Febby
17:35 Atate: nati khomelani m'nyumba mwanu, kiyi musunge imwe. mukamaliza nili na mau a mwana wanga
17:35 Cecilia: ATATE 😭
17:36 Cecilia: nanga matimati? tizilombo tizamaliza sabata ino
17:37 Atate: tizilombo tidye chabe. nawo ni anthu a Mulungu
17:38 Atate: ba Febby ati afuna kukamba na iwe mwini. uwaike pano

Lachiwiri, 18 February

Cecilia waika Ba Febby

07:10 Cecilia: mwauka bwanji ba aunty Febby. ndine Cecilia
07:26 Ba Febby: tauka. atate ako anileta katundu monga nili police post
07:27 Ba Febby: kamba nimvele. koma osati chizungu cha ku university. ine nidyetsa nsomba na manja
07:33 Cecilia: 🎤 mawu, 1:26
ba aunty, mudziwa dramu ya madzi ikakhala pa dzuwa tsiku lonse. pamwamba patentha, mukalowetsa dzanja mpaka pansi mupeza pozizila. damu ni chimodzimodzi. madzi otentha ni opepuka, ayandama. ozizila ni olema, agona pansi miyezi osakumana na mphepo. zakudya zotsala za nsomba, ndowe, masamba, zonse zigwela kumeneko, ziwola, zimaliza mpweya. ndiye botolo la atate linunkha mazira. manje kukabwela chimvula cha masiku ambili, dzuwa kulibe, mvula ni yozizila, mphepo ikankha. madzi apamwamba azizila, alema, amila. aja owola a pansi akwela. nsomba ya mu cage ilibe kothawila. ifa na kubanika, monga munthu m'nyumba ya mbaula yotseka mawindo.
07:48 Ba Febby: hmm
07:49 Ba Febby: chimvula chigwa chaka chilichonse. bwanji sizifa chaka chilichonse
07:51 Cecilia: mvula ya ola limodzi siikwanitsa. dzuwa likatuluka pamwamba patenthanso. ifunika ija yokhalitsa yobwela na mphepo, ndipo siibwela chaka chilichonse
07:52 Cecilia: nikufunseni. tsiku lija nsomba za m'damu zosakhala mu cage zinali kuti?
08:03 Ba Febby: zinaunjikana kolowela kamtsinje. anthu anatola na madengu
08:04 Cecilia: kamtsinje kapita pansi pa dimba la ndani?
08:11 Ba Febby: la atate ako
08:12 Cecilia: nsomba ingathawile kochokela poizoni?
08:12 Atate: 👍
08:13 Ba Febby: ba Njobvu chotsani chala chanu, sininagonje
08:15 Ba Febby: iwe Cecilia nikuuze. ine ninanyamula nsomba zowola na wilibala masiku awili kukakwilila. azimai 14 analila pa chipupa paja. ngati uteteza atate ako chabe na ma number, Mulungu aona
08:17 Cecilia: musakhulupilile ine. kuyambila mawa nthambo mugwile ndimwe. thermometer muwelenge ndimwe. atate aimilile patali manja m'thumba
08:30 Ba Febby: 06hrs?
08:30 Atate: 06hrs. osati 06 ya committee
08:31 Ba Febby: mwayamba

15:44 Ba Febby: nakamba na ba Peterson chairman. ati kukoka ma cage onse chifukwa cha foni ya mwana wa sukulu sizingachitike. kumtunda kuli akawalala na akatumbu
15:45 Ba Febby: nalimbana nawo. avomela awili chabe, 1 na 2. 3 na 4 akhala pa chipupa
15:46 Cecilia: kudyetsa?
15:47 Ba Febby: chakudya chili kwa ine. nizaleka mawa. akafunsa nizati kiyi yasowa
15:47 Cecilia: zikomo ba aunty
15:49 Ba Febby: usanithokoze. nifuna kuona

Lachitatu, 19 February

06:29 Ba Febby: 28, 28, 25, 22, 21
06:30 Ba Febby: botolo la pansi ni lozizila monga la mu fridge. fungo lake nataya njala ya tea
06:31 Ba Febby: zaka zonse izi tisunga nsomba pamwamba pa chimbudzi
06:33 Atate: awelenga bwino koma akoka chotsekela msanga. botolo lifunika lifike pa mfundo poyamba
06:34 Ba Febby: munati manja m'thumba. pakamwa pomwe muike m'thumba
11:50 Atate: cage 1 na 2 zafika kumtunda. takoka anthu 9. ba Peterson anali kulangiza ali pa mthunzi
11:52 Atate: ena aseka. ati Njobvu asamutsa nsomba monga ma teacher a ku college ya Chalimbana pa transfer
11:53 Cecilia: asekeni. mitambo yafika ku Luangwa

Lachinayi, 20 February

06:21 Atate: 26, 26, 25, 22, 21. dzuwa kulibe. mphepo ichokela kum'mawa
06:22 Cecilia: pamwamba pataya 2 tsiku limodzi. yayamba
10:05 Ba Febby: yagwa manje. damu lili na mafunde monga sininaonepo
15:30 Ba Febby: ikali kugwa. nsomba zili bwino zonse. ba Peterson anitumila message ati mneneli wanu ali kuti
15:34 Cecilia: pls mawa mupime ngakhale ivute bwanji
15:35 Cecilia: ba aunty nikambe zoona, niyopa. zikafa niyopa, zikapanda kuchitika niyopa
15:41 Atate: idya nsima ugone bwino. ife tili pano

Lachisanu, 21 February

06:20 Cecilia: mwapima?
06:45 Cecilia: atate?
07:05 Cecilia: ba aunty Febby muli nawo?
07:20 Cecilia: 📞 sanayankhe
07:41 Cecilia: pls munthu ayankhe

07:58 Atate: Ceci unikhululukile
07:58 Atate: thermometer yafa
07:59 Atate: kaya yalowa madzi. pamwamba 23. mfundo 2 ni 23. mfundo 4 ni 23. 6 ni 23. pansi 23. napima katatu, ba Febby apima kawili. yaima pa 23 monga wotchi yakufa
08:00 Atate: sininafune kukutumila zabodza. day 100 naononga mwana wanga. ba Febby abwelela kunyumba anyowa, ine nili m'khola niona ngati ningabweleke ina kwa neba wathu ba Mervin
08:00 Cecilia: ATATE SIINAFE
08:00 Cecilia: iikeni m'khwapa manje manje
08:01 Atate: m'khwapa?
08:01 Cecilia: IKANI
08:04 Atate: 36
08:04 Cecilia: ili moyo!! damu ndiye latembenuka. madzi apamwamba na apansi asakanizika, ndiye chifukwa ni 23 ponse
08:05 Cecilia: botolo la pamwamba linanunkha?
08:05 Atate: pang'ono. ninaganiza sininatsuke bwino
08:05 Cecilia: thamangani ku cage 3 na 4. tengani pump yanu ya ku dimba, ponyani madzi m'mwamba agwele mu cage monga mvula. ena akoke nthambo kupita kumtunda
08:06 Cecilia: BA AUNTY FEBBY
08:06 Cecilia: 📞 sanayankhe
08:07 Cecilia: 📞 0:19
08:16 Ba Febby: 🎤 mawu, 0:14
mayo ine, zili pamwamba zonse, pakamwa tsegu tsegu! iwe mwana, imba simbi ya ku shedi anthu abwele! ba Njobvu, pump! pump!
08:17 Cecilia: osaika chakudya. osalowetsa paipi pansi, ikoke madzi apamwamba chabe
08:40 Cecilia: zili bwnj?
09:25 Cecilia: nili pa corridor, class nasiya
10:50 Cecilia: ?
12:10 Cecilia: chilichonse chabe. ngakhale emoji

13:37 Ba Febby: 📷 chithunzi
13:38 Ba Febby: 1 na 2 kumtunda palibe yafa olo imodzi. ziyenda monga palibe chachitika
13:39 Ba Febby: 3 tapulumutsa, zafa zochepa. 4 inali kumapeto, pofika ife hafu yapita
13:40 Ba Febby: atate ako aima m'madzi mpaka m'chiuno maola anai na paipi pa phewa. pump inazima kawili, aikonza mvula ili pamutu
13:41 Cecilia: ali kuti manje? ali bwino?
13:42 Ba Febby: amai ako awafunditsa bulangeti, awakalipila
13:50 Ba Febby: Cecilia
13:52 Ba Febby: sprayer ili pansi pa bed yanga kuyambila Monday. kiyi ili m'khosi mwanga. sanapopele kanthu sabata yonse, matimati ao nawaona, masamba ni mabowo okhaokha
13:53 Ba Febby: ndipo fungo lija la m'botolo lelo linali damu lonse. ni lomwe lija la chaka chatha. nalikumbuka
13:53 Ba Febby: nizakamba mawa
16:18 Atate: nauka. day 100 ulembe 23 kasanu. ni yoona
16:19 Cecilia: atate ma number asanu awo ndiye project yanga yonse. anthu aika ma machine zaka osagwila tsiku lenileni. imwe mwaligwila na botolo la viniga
16:20 Atate: ndipo ninafuna kuitaya thermometer mu chimbudzi
16:20 Cecilia: 😭😂

Loweruka, 22 February

09:12 Cecilia: nili pa Chongwe. ma minibus a ku Kanakantapa akana, ati msewu ni phala, imodzi yatitimila kale
10:40 Cecilia: nayesa wa njinga yamoto nayenso akana. sinizafika pa meeting
10:55 Atate: manje azafotokoza ndani
10:56 Cecilia: imwe
10:58 Atate: ine wa Grade 7? ba Peterson anali headmaster. azanifunsa chizungu
10:59 Cecilia: ba Peterson sanatsitsepo botolo olo kamodzi. imwe masiku 101. pa damu lija professor ndimwe
11:00 Cecilia: kambani za dramu chabe
11:20 Atate: ok
11:21 Atate: jekete nivale?
11:21 Cecilia: valani
14:02 Cecilia: nikupemphelelani
15:30 Cecilia: yatha?
16:15 Cecilia: nabwelela ku Lusaka, foni ili m'manja

17:06 Ba Febby: 🎤 mawu, 1:52
iwe mwana, unaphonya. atate ako abwela na jekete, akunkhuniza dramu mpaka pakati pa shedi. adzaza madzi a pa borehole, amai ako abwela na ketulo yowila, athila pamwamba pang'onopang'ono. ndiye ati ba chairman, pindani shati. ba Peterson alowetsa dzanja, ati pamwamba patentha. ati pitilizani. afika pansi, ati kuzizila. atate ako atenga nkhafi, avundula katatu, ati iyi ndiye mphepo ya ku Mozambique, lowetsaninso. ba Peterson alowetsa, ati ni chimodzimodzi ponse. atate ako ati twenty three. shedi yonse kuseka, ena kuomba m'manja. atulutsa buku lao lija, masiku handiredi na limodzi, palibe tsiku lodumpha, Christmas yomwe ilimo. ine naima nakamba zanga. nati ine Febby ndine ninayamba kutchula dzina la ba Njobvu chaka chatha, ndipo ninanama osadziwa. dimba ni lao. palibe anatsutsa.
17:09 Ba Febby: sprayer naibeleka pamsana ine mwini kuchoka kwanga mpaka kwanu. msewu waukulu womwe uja
17:10 Ba Febby: committee yati apitilize kupima tsiku lililonse. tifuna nthambo yachiwili, azimai aphunzile
17:11 Cecilia: ba aunty sinidziwa chokamba. zikomo
17:12 Ba Febby: nsomba za 1, 2 na 3 zili moyo chifukwa cha iwe. ukabwela uzadya yaikulu
17:40 Atate: Ceci
17:42 Atate: ba Peterson anifunsa pa anthu kuti ba Njobvu izi munaphunzila kuti
17:43 Atate: nati kuli mwana wanga wamkazi ku university, ninamuphunzitsa kuyenda, iye waniphunzitsa damu
17:44 Atate: nakamba mokweza kuti a kumbuyo amve. nabwelezanso dzina lako kawili
17:46 Cecilia: nili mu minibus atate musanililitse pa anthu
17:47 Atate: lila chabe. ine nalila kale kuseli kwa shedi, jekete inanibisa

Lamulungu, 23 February

06:18 Atate: 25, 24, 23, 23, 23. dzuwa latuluka. damu layamba kugonanso, pamwamba kutentha pansi kuzizila
06:19 Cecilia: day 102 ✅
06:20 Atate: mawa nizachedwa pang'ono kutuma. ophunzila anga ni 5, ba Febby akali kukoka chotsekela msanga
06:24 Ba Febby: niwelenga ba Njobvu
07:48 Atate: 📷 chithunzi
07:49 Cecilia: ni amai awo??
07:49 Cecilia: atsegula sutikesi?
07:51 Atate: uniform aisita kawili. azimai a kwaya abwela kuwatenga, aima pa gate aimba
07:52 Atate: chithunzi cha bwino nizakutumila. anisiya kumbuyo, ayenda patsogolo